Ma coilover kapena matayala ndi mabuleki: ndalama iyambire pati?

Eni a Altezza, RunX ndi Subaru muno mu Lusaka akangoganiza zokathamanga pa track (bwalo la mipikisano ya magalimoto), maso amathamangira ku ma coilover (mashoko okhala ndi masipuling'i ake, otheka kutsitsa kapena kukweza galimoto), poti galimoto yotsika imakongola. Koma ma coilover otchipa amabwera ndi masipuling'i olimba kuposa mphamvu ya mashoko ake. Galimoto imangodumphadumpha, ndipo tayala lomwe lili m'malere silingagwire phula. Mukaitsitsa kwambiri, ma tie rod (timikono tolumikiza chiwongolero ku mawilo) amapendekeka, ndiye pa bampu iliyonse chiwongolero chimakhota chokha. Komanso musaiwale kuti Lolemba galimoto yomweyo ikudutsa m'maenje popita kuntchito.

Ndalama yomweyo ikapita ku matayala a treadwear 200 (ofewa, ogwira phula kwambiri), kusintha kumamveka pa kona yoyamba. Samalani ndi matayala a salaula. Onani manambala anayi omaliza pa mzere wolembedwa DOT: 2319 ndiye kuti sabata la 23, chaka cha 2019. Tayala lopitirira zaka 6 limakhala litauma ngakhale mizere ikuoneka yakuya. Mpweya muziyeza mukangotuluka pa track tayala likadali lotentha, chifukwa umakwera ndi 0.3 mpaka 0.5 bar, ndipo mu Okutobala nkhani imakula. Mapewa akunja a matayala akutsogolo akamadyeka msanga, uzani amakanika akuikireni camber ya madigiri pafupifupi -2, ndiye kuti mawilo apendekeke pang'ono, kumwamba kwake kulowe mkati.

Chotchipa kuposa zonsezi ndi mafuta a mabuleki. DOT 4, mtundu umodzi wa mafutawa, ikakhala yatsopano siwira isanafike 230°C, koma ikamwa chinyezi imatha kuwira pa 155°C, pedulo n'kumira mpaka pansi mukulowa pa kona. Lita imodzi imakwana kusintha mafuta a mabuleki a mawilo onse anayi. DOT 5.1 imagwirizana ndi DOT 4, koma DOT 5 ndi ya silikoni, musasakanize.

Nanga woyendetsa? Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, choncho injini yopanda turbo imataya mphamvu yoposa gawo limodzi mwa magawo 10. Liwiro lomwe mwataya pa kona simulibweza msanga. Malizani kuponda buleki mwamphamvu galimoto ili chowongoka, masulani pang'onopang'ono mukamakhota, maso ali kotulukira osati pa boneti. Mutu wa galimoto ukakana kukhota, musawonjezere chiwongolero. Pepukitsani phazi pa mafuta, matayala akutsogolo agwirenso. Izi n'zophunzirira pamalo otsekedwa, mphunzitsi atakhala pambali panu, osati pa Great East Road usiku. Masiku a mipikisano funsani ku makalabu a pansi pa Zambia Motor Sport Association.

Ma coilover adikire kufikira mutatha kuwafotokozera amakanika ngati galimoto ikutereka kutsogolo kapena kumbuyo, komanso pa gawo liti la kona.