Labotale ya ku Harare imene inayeza mbewa zathu tisanazipatse malungo ndi likodzo

Ntchito yathu inali yofuna kuona zimene zimachitika mbewa ikagwidwa ndi likodzo la Schistosoma mansoni kenako n'kupatsidwa malungo a Plasmodium berghei, kachilombo kamene kanapezeka koyamba mu 1948 m'makoswe a m'tchire ku Katanga. Tinasankha labotale ina ya mu mzinda uno kuti iziyeza magazi ndi ndowe za mbewazo.

Chimene ndikuwayamikira kwambiri n'chakuti anakana kuyamba ntchito asanaone ngati mbewazo zinali kale ndi njoka za m'mimba. Poyamba ndinaona ngati akungotitayitsa nthawi. Koma bambo amene ankayang'anira maikulosikopu, omwe agogo awo anachokera ku Dedza ndipo Chichewa amachilankhula bwinobwino, anamata kaselotepi kumatako kwa mbewa n'kundionetsa mazira a Syphacia obvelata, mtundu wa njoka za m'mimba mwa mbewa. Anandikumbutsa kuti njoka zimakokera chitetezo cha m'thupi kumbali yolimbana ndi njoka yotchedwa Th2, pamene kulimbana ndi malungo kumafuna mbali ina yotchedwa Th1 ndi puloteni wake wotchedwa interferon-gamma, choncho mbewa yokhala ndi njoka zobisika ikanasokoneza zotsatira zonse. Mbewazo zinayamba zadya chakudya chosakaniza ndi mankhwala opha njoka otchedwa fenbendazole.

Anatilangizanso bwino pa nkhani ya nthawi. Likodzo limayamba kuikira mazira patapita milungu 5 kapena 6, ndipo mazirawo akakodwa m'chiwindi ndi pamene chitetezo chimasintha kwambiri. Ndiye malungo operekedwa mazira asanayambe ndi operekedwa pambuyo pake sayenda mofanana, ndipo n'chifukwa chake ofufuza ena amapeza kuti likodzo limateteza ku malungo a mu ubongo pamene ena amapeza tizilombo tochuluka m'magazi. Mtundu wa mbewa nawonso ndi nkhani: mbewa ya mtundu wa C57BL/6 ikapatsidwa P. berghei wa mtundu wotchedwa ANKA imafa ndi malungo a mu ubongo pakangotha mlungu umodzi kapena kupitirira pang'ono, pamene ya mtundu wa BALB/c nthawi zambiri imapirira n'kudzafa pambuyo pake chifukwa cha kuchepa kwa magazi.

Magalasi awo oyezerapo magazi, opaka utoto woonetsa tizilombo wotchedwa Giemsa, anali oyera, ndipo kuwerenga kwawo kwa tizilombo kunagwirizana ndi kwanga.

Pofooka pawo ndi pa malipoti. Ankabwera mochedwa, makamaka magetsi akazima, ndipo pa matenda amene amapha m'masiku owerengeka, lipoti la dzana silithandiza posankha mbewa yoyenera kuipha kuti isavutikenso. Sankalembanso kulemera kwa kapamba pokhapokha titawakumbutsa. Amene akupita kumeneko agwirizane nawo zimenezi polemba asanalipire.