Wailesi kapena nyuzipepala: nkhani za Lilongwe tizipeza kuti?

Lilongwe ndi likulu la dziko kuyambira 1975, koma nyuzipepala zikuluzikulu, The Nation ndi The Daily Times, malikulu awo ali ku Blantyre. Zili ndi atolankhani kuno, ndipo nkhani za ku Capital Hill ndi za m'Nyumba ya Malamulo amazilemba mozama. Ndondomeko ya zachuma ikawerengedwa, m'nyuzipepala ndi momwe mumapeza ziwerengero zonse, n'kuzisunga kuti mudzafunse phungu wanu chaka chamawa. Vuto ndi mtengo komanso chinenero: zambiri zimalembedwa m'Chingerezi, Chichewa chimangopatsidwa masamba ochepa kumapeto kwa sabata, monga Tamvani.

Wailesi ndi ina. Zodiak, yomwe inayamba kuulutsa mawu mu 2005 ili mumzinda muno, imamveka m'minibasi ya ku Area 25, m'malo ometera ku Kawale ngakhalenso pafoni yaing'ono ya mayi wogulitsa tomato ku Chinsapo. Madzi akasiya kutuluka m'mipopi, kapena mtsinje wa Lingadzi ukasefukira, anthu amaimba lamya pompo n'kufotokoza zomwe akuona m'chinenero chawo. Ine ndimaikonda chifukwa chimenechi, chifukwa wosadziwa kuwerenga naye amamva zomwe khonsolo yanena.

Komabe mawu a pawailesi amapita ndi mphepo. Nduna ikalonjeza msewu lero, mawa ikhoza kukana, ndipo munthu wamba alibe pepala loti aionetse. Kwa wofuna kutsata ndalama za boma, nyuzipepala imaposa.