Chambo pansi pa mkuyu ku Senga Bay

Loweruka lapitali ine ndi mayi akunyumba tinanyamuka pa Kamuzu Road ku Salima kukadya nkhomaliro pa lesitilanti ina ku Senga Bay. Chambo anachiwotcha bwino, nsima inabwera yotentha, koma tinadikira pafupifupi ola lathunthu mpaka m'mimba kuyamba kulira. Chisoso chokha ndiye anachulutsa mchere.

Chimene chandilembetsa izi ndi bwalo lawo. Eni malowa anamanga khitchini ndi zipinda kumtunda ndithu, n'kusiya mkuyu waukulu, udzu ndi mchenga mpaka kunyanja. Kutentha kwa kuno mukukudziwa, koma pansi pa mtengowo kamphepo kamangowomba, moti mayi anawodzera pampando. Mtsikana amene anatibweretsera chakudya anatilozera pamene madzi anafika nyanja itakwera mu 2024: pamizu ya mkuyu basi, zipinda sizinakhudzidwe. Chaka chimenecho malo ambiri ogona alendo omangidwa m'mphepete penipeni mwa madzi anamira, ena mpaka kutseka.

Eni lesitilantiyi anasiyanso kanjira m'mbali mwa mpanda koti asodzi ndi amayi okachapa azidutsa. Ine ndinakulira konkuno, tinkasambira paliponse. Lero mumayenda mtunda wautali mukungoona mipanda ya njerwa, ina yolowa m'madzi. Akhonsolo akamavomereza mapulani amafikako n'komwe kugombe?

Chimbudzi n'chaukhondo, mtengo wa chakudya ndi wokwererapo pang'ono. Tidzapitanso ndi adzukulu, koma ndidzayamba ndaimba foni kuti chambo achiike pamoto tisananyamuke.