Ndayendetsa Toyota Mirai masiku atatu: galimoto ndi yokoma, koma alamu musaitanitse

Mwezi watha alamu anga a ku Area 25 ananditumizira chithunzi pa WhatsApp. Inali galimoto yoyera mbee, Toyota Mirai ya 2016, pa tsamba lina la ogulitsa magalimoto akale ochokera ku Japan kuno, ndipo mtengo wake unali wotsika mokayikitsa. Pansi pake analemba kuti: "Alamu, poti muli komweko tandionereni iyi. Akuti siimwa petulo." Ndinawamvetsa. Munthu amene wagonapo pa mzere wa mafuta akamva za galimoto yosamwa petulo, mtima umadumpha. Ine ndili ku Nagoya chaka chachitatu tsopano, ndipo fakitale ya Motomachi kumene amapanga Mirai ili mu mzinda wa Toyota, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera pamene ndimakhala. Ndinaona kuti si bwino kuwayankha ndi zongomva. Ndinapita ku kampani ina yobwereketsa magalimoto n'kutenga Mirai kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu.

Imene anandipatsa si ya mtundu woyamba ngati ya pa chithunzi chija, umene unatuluka mu Disembala 2014. Inali ya mtundu wachiwiri wa 2020, yaitali, yotsika, ya mipando isanu. Dzina lakuti Mirai m'Chijapani limatanthauza tsogolo. Nditadina batani loliza, ndinakhala kaye phee kudikira kuti injini imveke. Palibe chinamveka. Ndinangoona kuti magetsi a pa dashibodi ayaka, ndipo nditachotsa phazi pa buleki galimoto inayamba kutsetsereka ngati bwato pa madzi odekha.

Injini yoyaka moto mulibe. Pansi pa boneti pali bokosi limene amalitcha fuel cell, ndipo m'kati mwake muli timapepala topyapyala 330 tosanjikizana ngati masilayisi a buledi. Mbali imodzi kumalowa mpweya wa haidirojeni wochokera m'mathanki, mbali inayo kumalowa mphepo wamba imene galimoto imakoka kutsogolo. Pa timapepalato anapakapo pulatinamu (chitsulo chodula kwambiri) pang'ono, ndipo ndiye amene amaphwanya haidirojeni kuti atulutse magetsi. Magetsiwo amayendetsa mota imene imazungulitsa matayala akumbuyo. Haidirojeni akakumana ndi okosijeni wa mu mphepo ija, chotsala ndi madzi basi. Nzeruyi si yatsopano ayi. William Grove wa ku Wales anaionetsa mu 1839, ndipo zombo za Apollo zimene zinapita ku mwezi zinkapeza magetsi ndi madzi akumwa mwa njira yomweyi. Chimene chinatenga zaka ndi kuichepetsa kuti ikwane m'galimoto ya banja.

Za madziwo ndinafuna kuona ndi maso anga. Pafupi ndi chiwongolero pali kabatani kolembedwa H2O. Tsiku loyamba madzulo ndinaima pambali pa msewu ndisanalowe pamalo oimika magalimoto, ndinadina kabatanika, n'kutsika msanga kukagwada kumbuyo. Pansi pa galimoto panayamba kutuluka madzi, poyamba madontho, kenako chuu ngati mpopi wotsegulidwa pang'ono, ofunda, akutuluka nthunzi pa phula lozizira. Ndinatchera dzanja. Analibe fungo lililonse. Ndinakumbukira utsi wakuda wa maminibasi pa depoti ya ku Lilongwe, umene umakusiya ndi chifuwa ukaima kumbuyo kwake mphindi ziwiri zokha, ndipo ndinakhala chogwada pomwepo kwa kanthawi.

Pa msewu waukulu wa Tomei, popita ku nyanja ya Hamana, galimotoyi inandikomera kwambiri. Ndi yolemera, ndiye imakhazikika bwino ngakhale malole akuluakulu akudutsa pambali. Ukaponda moto imanyamuka nthawi yomweyo popanda kusintha magiya, kumangomveka kamluzu kakang'ono ka pampu yokoka mphepo. Mnzanga wa ku Kenya amene ndinamutenga anakhala kumbuyo, ndipo iye ndi wamtali. Anati mawondo ake anali pafupi ndi mpando wanga. Chifukwa chake n'chodziwika: mathanki atatu a haidirojeni ayenera kukhala penapake, ndipo limodzi linadutsa pakati pa galimoto, ena awiri ali kumbuyo. Buti nayo ndi yaing'ono poyerekeza ndi kukula kwa galimoto. Masutikesi awiri amalowa, koma amene akuganiza za matumba a chimanga ochokera kumudzi aiwale.

Chinthu chachiwiri chimene ndinkafuna kuyesa ndi maso a galimotoyi. Kumbuyo kwa kalilole wa pakati, pa galasi lakutsogolo, kuli kamera, ndipo kutsogolo kuli rada. Ziwirizi zimagwira ntchito limodzi m'dongosolo limene Toyota amalitcha Safety Sense. Rada imayeza mtunda, kamera ndiyo imazindikira kuti chimene chili kutsogolocho ndi munthu, njinga, galimoto, mzere wa pa msewu kapena chikwangwani. Ndikangodutsa chikwangwani cha liwiro, nambala yake inkaoneka pa dashibodi. Chimene chinandigwira mtima ndi chikwangwani choimitsa. Kwathu tinazolowera chofiira cha makona asanu ndi atatu. Ku Japan n'chofiira cha makona atatu choloza pansi, cholembedwa mawu akuti tomare m'zilembo zawo, ndipo kwa ife mawonekedwe amenewo timawadziwa ngati ouza kuti upereke mpata. Alendo ambiri amalakwitsa pamenepa. Galimotoyi inkachiona ndisanachione ine n'kuchiika pamaso panga.

Loweruka kutada ndinali m'kamsewu kopapatiza pakati pa nyumba, ndikuyenda pang'onopang'ono. Agogo ena aakazi anatulukira pa njinga kuchokera kuseri kwa mpanda, dengu lakutsogolo lodzaza ndiwo zamasamba, atavala zakuda. Galimoto inalira pi-pi-pi, pa dashibodi panayaka chenjezo lofiira, ndipo phazi langa linafika pa buleki. Anadutsa, anawerama mutu pang'ono monga amachitira anthu kuno, n'kupitirira. Mwina ndikanawaona ndekha, mwinanso ndikanachedwa ndi sekondi imodzi. Ndinaganiza za msewu wa M1 usiku, akabaza opanda nyali, ana ochokera ku chigayo, ndipo ndinaona kuti pa zonse zimene zili m'galimotoyi, kamera iyi ndiyo ingapulumutse anthu kwathu.

Luso lozindikira zithunzi lili ndi mbiri yakeyake. Mu 1989 Yann LeCun ndi anzake ku Bell Labs anaphunzitsa kompyuta kuwerenga manambala olembedwa pamanja pa makalata. David Lowe wa ku University of British Columbia anapeza njira yotchedwa SIFT yozindikirira chinthu chomwecho ngakhale chitajambulidwa patali kapena chopendekeka, ndipo yunivesite inaitengera patenti, chiphaso chonena kuti lusoli lili ndi mwini ndipo wofuna kuchita nalo malonda apemphe kaye. Patenti imakhala zaka 20. Ya SIFT inatha mu 2020, ndipo kuyambira pamenepo aliyense amaigwiritsa ntchito momasuka. Mu 2012 gulu la ku Toronto linapambana mpikisano wozindikira zithunzi wa ImageNet ndi kompyuta yophunzira yokha kuchokera ku zithunzi zochuluka, ndipo kuchokera apo luso limeneli linafalikira ngati moto wa tchire, m'mafoni, m'zipatala, m'magalimoto. Linafalikira msanga chifukwa silifuna zambiri: kamera, kachipangizo kowerengera, ndi batire la galimoto.

Haidirojeni ndi nkhani ina. Mu Januwale 2015, pa chionetsero cha CES ku Las Vegas, Toyota inalengeza kuti mapatenti ake okhudza fuel cell pafupifupi 5,680 makampani ena angawagwiritse ntchito osalipira. Pafupifupi 1,970 anali a bokosi lopanga magetsi lija, 290 a mathanki, 3,350 a mapulogalamu oyendetsa dongosolo lonse, ndipo 70 a malo omwetsera haidirojeni. Tesla inali itachita zofanana ndi mapatenti ake a magalimoto a batire chaka cha 2014. Mu 2019 Toyota inatsegulanso mapatenti ena pafupifupi 24,000 a magalimoto oyendera magetsi mpaka 2030. Ine ndimaona kuti anachita zanzeru, pakuti ankadziwa kuti kampani imodzi singadzaze dziko ndi mapampu. Ankafuna kuti ena alowe m'bwalo. Koma patha zaka khumi, ndipo amene akugulitsa magalimoto aang'ono a haidirojeni ndi owerengeka: Hyundai ndi Nexo yawo, Honda, ndi Toyota yomweyo. Patenti yaulere imakupatsa chilolezo. Siikumangira siteshoni, imene imadya ndalama zochuluka kuposa filing'i siteshoni wamba.

Izi ndinazimva m'thupi Lamulungu. M'mawa wa Loweruka ndinali nditamwetsa bwinobwino. Ndinafika pa siteshoni ina, wogwira ntchito anatsegula kachitseko ka thanki, anawerenga kapepala komatidwa m'kati mwake, analumikiza paipi yolemera ndi manja awiri n'kuikhoma. Kunamveka phokoso ngati la tayala lopopedwa. Haidirojeni amalowa atapanikizidwa mpaka ma bar 700, pomwe tayala la galimoto limakhala ndi awiri ndi theka, ndipo amamuziziritsa mpaka madigiri 40 pansi pa ziro kuti thanki isatenthe. Atachotsa paipi, mlomo wake unali utayera ndi chisanu ngati nyama ya mu firiji. Mphindi zisanu sizinakwane. Makilogalamu anayi, pa ma yen 1,650 kilogalamu imodzi, ndinalipira ma yen 6,600, ndipo anayiwo anali a makilomita pafupifupi 400 amene ndinali nditayenda. Ulendo womwewo pa galimoto ya hybrid, yoyendera petulo ndi batire, sindikanafika ma yen 3,000. Alamu, apa mumve bwino: kusamwa petulo si kutchipa.

Lamulungu madzulo pobwerera ndinadalira siteshoni imene ndinaiona pa mapu. Ndinapeza unyolo pa geti, atatseka 5 koloko. Ina yapafupi sinkatsegula tsiku limenelo. Ndinazimitsa chotenthetsa m'galimoto, ndinatsika liwiro, maso ali pa nambala ya makilomita otsala, ndipo ndinafika ku Nagoya thukuta lili m'manja ngakhale kunali kozizira. Kumeneku ndi ku Aichi, chigawo chimene muli Nagoya ndi mzinda wa Toyota, kwawo kwenikweni kwa galimotoyi. Japan yonse masiteshoni a haidirojeni sanafike 200. Ku Britain kampani ya Shell inatseka ake mu 2022, ndipo mu 2024 inatsekanso a magalimoto aang'ono ku California. N'chifukwa chake Mirai yakale ikutchipa pa intaneti. Eni ake kuno akuvutika kuigulitsa.

Kwathu siteshoni yotere kulibe. Galimoto itatsika pa doko ku Dar es Salaam ingayende ndi haidirojeni wotsala m'thanki, ndipo akatha ndiye kuti yaima pomwepo, mwina isanafike n'komwe pa Songwe. Simungathire petulo. Simungaitchaje pa soketi, poti batire lake ndi laling'ono, longothandizira. Palinso nkhani ya kapepala kaja ka pa kachitseko: mathanki a Mirai yoyamba ali ndi malire a zaka 15, ndipo tsiku lothera limalembedwa pamenepo. Ya 2016 imene munaiona yadya kale zaka zake zambiri.

Sindikunena kuti haidirojeni alibe tsogolo. M'mabasi ndi m'malole amene amabwerera pa depoti imodzi tsiku lililonse ndimaona nzeru yake, poti pampu imodzi imakwanira onse. Ku Tokyo mabasi otere akuyenda. Chimanditsitsimutsanso n'chakuti pulatinamu wa m'bokosi lija ambiri amachokera kufupi ndi kwathu: South Africa ndiyo imakumba wochuluka pa dziko lonse, ndipo Zimbabwe nayo ili naye pa Great Dyke. Pa mgodi wa Mogalakwena ku Limpopo, mu 2022, anaonetsa lole yaikulu ya mu mgodi yoyendera haidirojeni. Koma mtima umawawa ndikaganiza kuti mwala umachoka kum'mwera kwa Africa, mapatenti ali ku Japan, ndipo galimoto yake singayende m'misewu yathu. Tisaiwalenso kuti haidirojeni wambiri lero amapangidwa kuchokera ku gasi wa pansi pa nthaka, ndiye madzi oyera amene ndinatchera m'dzanja aja sanena nkhani yonse.

Kwa munthu wokhala ku Nagoya kapena Tokyo, amene siteshoni ili pa njira yake ya ku ntchito ndipo ali ndi galimoto ina ya maulendo ataliatali, Mirai ndi galimoto yabwino, yofatsa, yosatopetsa. Ine ndikanaibwerekanso mawa. M'kati mulinso soketi ya magetsi a m'nyumba ya mawati 1,500, ndipo ndikudziwa kuti aliyense wa kwathu wowerenga izi waganiza kale za firiji magetsi akazima.

Alamu anga ndawauza kuti ndalama yawo aike pa Corolla Fielder kapena Aqua ya hybrid, ndipo afunse ngati ili ndi Safety Sense, imene inayamba kuikidwa m'magalimoto amenewa mu 2015. Adziwe kuti zoyambirira za m'magalimoto aang'ono zinkaona magalimoto ndi mizere ya pa msewu koma osati anthu oyenda pansi, choncho ayang'ane chaka bwino. Adziwenso kuti kamerayo inaphunzira zikwangwani za ku Japan, ndipo pa msewu wopanda mizere yopentedwa siingawathandize kukhala mu mzere wawo. Galasi la pa kamera azilipukuta fumbi, ndipo mwala ukadzaswa galasi lakutsogolo, amene adzaike latsopano ayenera kuilinganizanso kamerayo ndi makina, apo ayi izidzayang'ana kumbali. Anandiyankha usiku womwewo kuti apeza Fielder ya 2018 yasiliva, ndipo akufuna ndiwawerengere pepala la ku okushoni limene linalembedwa m'Chijapani.