Kupenta nokha boti lakale la faiba: penti wa chitini chimodzi, wa hadena, 2K ya galimoto kapena gelcoat?

Boti la faiba likakhala zaka zambiri padzuwa, khungu lake lakunja lomwe amati gelcoat limatuwa, ndipo mukalisisita m'manja mumatsala ufa woyera ngati choko. Musathamangire kukagula penti. Sankhani kamalo kakang'ono pambali pa boti, kwechani ndi sandipepa yamadzi ya nambala 1000, kenako ya 1500, mupukute ndi phala lopukutira lotchedwa rubbing compound. Mtundu ukabwerera, botilo likungofuna kupukutidwa ndi kupakidwa polishi, ndipo mwapulumutsa ndalama zambiri. Gelcoat ya kufakitale imachindikala pafupifupi theka la milimita, pomwe makoti atatu a penti wapamwamba amangokwana cha m'ma 0.1 mm. Boti mukalipenta kamodzi, mudzalipentabe mpaka kalekale. Penti ndi wa boti lomwe gelcoat yake yaperepeseka mpaka ulusi wa faiba kuonekera, lomwe lili zigamba zokhazokha, kapena lomwe linapentedwa kale.

Ngati linapentedwa kale, chitani mayeso awa musanasankhe kanthu. Nyowetsani kansanza ndi mankhwala osungunulira otchedwa acetone, kaikeni pa penti wakaleyo, phimbani ndi pulasitiki kuti kasaume, mudikire mphindi khumi. Akafewa kapena kuchita makwinya, ameneyo ndi penti wa chitini chimodzi, ndipo wa hadena (wosakaniza ndi mankhwala olimbitsira) sangakhale pamwamba pake: thinazi wake ndi waukali, amadya wapansiyo mpaka onse awiri kukakamuka. Apa njira ndi ziwiri basi, kupitiriza ndi wa chitini chimodzi kapena kupala wakale yense mpaka gelcoat. Koma kupaka wa chitini chimodzi pamwamba pa wa hadena kulibe vuto, bola mwakwecha.

Penti wa chitini chimodzi ndi uja mumangotsegula, kutakasa, n'kuyamba ntchito. Odziwika ndi Toplac wa International, Brightside wa Interlux, Easypoxy wa Pettit ndi Mono-urethane wa Epifanes. Amauma ndi mpweya, motero otsala mumatseka chitini n'kusunga. Amakhululukira wophunzira: amachedwa kugwira, mizere ya burashi imafafanizika yokha, ndipo boti likakalika chaka chamawa mumangokwecha pamalopo n'kupakanso. Vuto lake ndi kufewa. Boti la injini limakhudzana ndi petulo, zingwe, matayala a padoko ndi mchenga wa pagombe, ndipo zonsezi zimamusiyira zipsera. Padzuwa lamphamvu kuwala kwake kumayamba kuzilala pakatha zaka zitatu mpaka zisanu. Amatenganso milungu ingapo kuti alimbe kwenikweni, ngakhale m'mawa mwake amaoneka wouma. Mukafulumira kulikweza pangolo yokokera, malo ogona boti amadinda pentiyo.

Wa hadena amabwera m'zitini ziwiri, ndipo amalimba chifukwa mankhwala awiriwo agwirana, osati chifukwa cha mpweya. Perfection wa International amasakanizidwa magawo awiri a penti ku gawo limodzi la hadena. Awlgrip wopaka ndi rola nayenso ndi 2:1, pomwe wopopera ndi 1:1 ndipo hadena yake ndi ina, choncho onetsetsani chomwe mukugula. Yezani ndi kapu ya mizere, osati ndi maso. Mukachepetsa hadena penti sauma bwino mpaka kalekale, ndipo mankhwala ake ndi kupala basi. Mukasakaniza muli ndi maola ochepa asanalimbe m'kapumo, ndipo kukatentha nthawiyo imafupika kwambiri, ndiye sakanizani theka la lita pakamodzi. Mphoto yake ndi khungu lolimba lomwe petulo salifewetsa, lowala ngati galasi, lotha kukhala zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi. Chitini chake n'chodula kuposa cha mnzakeyo, mwina kawiri kapena kuposa.

Pa mtengo pali chomwe ambiri sachiwerengera. Boti la mamita 5.5 m'litali ndi 2.1 m'lifupi, lotalika masentimita 70 kuchokera pamadzi kufika m'mphepete, mbali zake zimakwana masikweya mita pafupifupi 11 (phatikizani litali ndi lifupi, chulukitsani kawiri, kenako chulukitsani ndi kutalikako). Lita imodzi ya penti aliyense mwa awiriwa imapaka masikweya mita 11 kapena 12. Ndiye koti imodzi ndi lita imodzi: malita awiri a andakoti, malita atatu a penti wapamwamba. Kusiyana kwa mtengo kuli pa malita asanu okhawo. Sandipepa, tepi, fila, marola, thinazi ndi masiku anayi kapena asanu okwecha n'zofanana konse. Ndiye chifukwa chake boti likakhala pa gelcoat yake yeniyeni, ife timati wa hadena ndiye wotchipa, poti wa chitini chimodzi mudzabwereza ntchito yonseyi kawiri pa nthawi yomwe winayo akadali chiwalire.

Nanga 2K ya galimoto, yomwe imapezeka m'masitolo a penti ku Lilongwe ndi ku Blantyre pomwe penti wa maboti nthawi zambiri amachita kuitanitsa ku South Africa? Ndi wachibale wa penti wa hadena, ndipo pambali pa boti logona kumtunda amagwira bwino ndithu akakhala pa andakoti ya epoxy, utomoni wolimba wosakanizanso ndi hadena. Zovuta zake n'ziwiri. Anapangidwira kupopera, motero pa rola amauma asanasalale n'kusiya khungu ngati la lalanje. Chachiwiri n'choopsa: hadena yake, monga ya Perfection ndi Awlgrip, ili ndi mankhwala otchedwa isocyanate. Akapoperedwa amasanduka nkhungu yolowa m'mapapo, ndipo amatha kuyambitsa mphumu yosachira. Kansalu kapamphuno sikathandiza; wopopera amafunika chigoba cholandira mpweya wabwino kudzera m'paipi. Popaka ndi rola panja nkhunguyo palibe, ndipo chigoba cha makatiriji a nthunzi za thinazi pamodzi ndi magolovesi zimakwanira. Ngati mukufuna 2K, kwechani nokha, mupake andakoti nokha, koma kupoperako lipirani wopenta magalimoto wokhala ndi zida zake.

Kuikanso gelcoat pa boti lonse kumakopa chifukwa lita yake njotchipa, ndipo ndi yokhayo pa zonsezi yomwe imapirira kukhala m'madzi. Koma kufakitale imapoperedwa m'chikombole chosalala, ndiko kumachokera kuwala kwake. Panja imatuluka yokhakhala, ndipo siuma pamwamba pokhapokha muthiremo phula lake lapadera kapena muiphimbe ndi PVA, mankhwala amadzimadzi otchinga mpweya. Imafuna hadena yake yotchedwa MEKP pakati pa 1.5 ndi 2 peresenti, imalimba m'kapu pa mphindi khumi ndi zisanu kukatentha, ndipo mumafunika malita ochuluka kuti mufike theka la milimita lija. Mukatero mukwecha boti lonse ndi 400, 600, 800, 1200, kenako kupukuta ndi makina. Pa chigamba cha kukula ngati chikhatho, gelcoat ilibe mnzake. Pa boti lonse, isiyeni.

Penti amene mwasankha adzagwira kapena kumatuka malinga ndi zomwe mwachita musanatsegule chitini. Chotsani zitsulo, zomata ndi mphira wa m'mbali. Tepi yozungulira chitsulo imasiya mpata womwe madzi amadzalowerapo. Tsukani ndi sopo, kenako chotsani phula ndi silikoni musanakweche, chifukwa sandipepa imangokankhira phulalo m'mikwingwirima. Gwiritsani nsanza ziwiri, ina yonyowa ndi mankhwala ochotsa phula ndi girizi, ina youma yopukutira asanaume, ndipo muzisintha nsanzazo pafupipafupi. Acetone kotentha amauluka msanga n'kusiya phula pomwe linali. Mukadumpha gawoli penti amachita timaenje tozungulira ngati maso a nsomba. Ming'alu yaing'ono yonga ukonde wa kangaude penti saitseka, imadzaonekeranso pakangotha miyezi. Ikuleni kuti ikhale ngati chilembo cha V, mudzaze ndi fila ya epoxy. Fila ya galimoto imamwa madzi, musaiike pansi pa mzere wa madzi. Epoxy ikauma nthawi zina imatulutsa kamafuta pamwamba. Katsukeni ndi madzi musanakweche. Kwechani boti lonse ndi 120 mpaka 180 mpaka pasatsale powala, pakani andakoti kawiri, salazani ndi 220 kenako 320. Ndipo gwirani thabwa lakumbuyo lomangapo injini: ngati likunyenyeka mukagwedeza injini, matabwa am'kati awola, ndalama ya penti iyambe yapita kumeneko.

Kapakidwe kotchipa ndi ka anthu awiri. Woyamba amayala penti mopyapyala ndi rola yaing'ono ya siponji, ya masentimita 10, yosasungunuka ndi thinazi, kachigawo ka theka la mita. Wachiwiri amatsatira pompo ndi burashi yofewa, kungokhudza ndi nsonga kuti aphulitse thovu, akukokera ku mbali yopentedwa kale. Musabwerere pomwe mwadutsa. Penti akayamba kugwira, burashi imasiya mizere yosafafanizika. Akachucha, msiyeni aume mudzakweche mawa. Thinazi thirani pang'onopang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi pokhapokha chitini chanena, ndipo yesani kaye pagalasi: mizere ikasowa yokha popanda kuchucha, zakwana. Makoti atatu opyapyala amaposa awiri onenepa, omwe amauma kunja kokha n'kuchita makwinya. Pakati pa makoti kwechani ndi 320 kapena 400.

Pa nyengo ndi pomwe wa chitini chimodzi ndi wa hadena amasiyananso. Wa hadena amadana ndi chinyezi: mame akamugwera asanalimbe, m'mawa mupeza kuwala konse kwazima. Yambani mame akangouma, mumalize dzuwa lisanafike pamutu, ndipo boti likhale pamthunzi. Kunyanja ya Malawi, kaya ndi ku Mangochi, Senga Bay kapena Nkhata Bay, Okutobala ndi Novembala kumatentha moti penti amagwira burashi isanafike, pomwe Disembala mpaka Malichi ndi mvula. Meyi mpaka Ogasiti ndiye nthawi yabwino, bola musankhe tsiku lopanda mwera, ndipo thirani madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Tizilombo ta nkhungu tikatera pa penti wamuwisi musatitole. Mawa lake timachoka ndi sandipepa ya 400. Pa mtundu, woyera ndi wabwino: wakuda ndi wabuluu wakuda amatentha padzuwa mpaka maonekedwe a ulusi wa faiba kuonekera pa penti, komanso amaulula paliponse pomwe fila sinasalale.

Chomaliza kuganizira ndi komwe boti limagona. Penti onse atatu, wa chitini chimodzi, wa hadena ndi 2K, ndi a pamwamba pa madzi. Boti lokwera pangolo madzulo aliwonse mukhoza kulipenta nawo mpaka kunsi, makamaka wa hadena. Lokhala pa nangula masiku ambiri motsatizana limachita matuza pansi pa mzere wa madzi. Limenelo kunsi kwake kumafuna makoti anayi kapena asanu a epoxy yotchinga madzi, monga Gelshield 200 kapena Interprotect, ndipo ngati gelcoat ili kale ndi matuza otuluka madzi onunkha ngati viniga, aboleni, muwatsuke ndi madzi abwino, boti liume milungu ingapo musanawatseke. Pamwamba pa epoxy mumapaka antifouling woletsa ndere. Wa boti lothamanga akhale wolimba, chifukwa uja wofewa wosungunuka pang'onopang'ono amakokoloka ndi liwiro nyengo isanathe.