E8400 kapena Q6600: purosesa iti ya kompyuta yakale ku Salima?

Makompyuta akale a soketi (malo olowetsapo purosesa) ya LGA 775, ngati aja otayipira makalata m'mashopu a pa Kamuzu Road, amatha kupepukirako mukawasinthira purosesa, yomwe ili ngati ubongo wa kompyuta. Ziwiri zomwe anthu amakonda kufunsa ndi Core 2 Duo E8400 ndi Core 2 Quad Q6600, zonse za Intel.

Q6600 idatuluka mu 2007. Ili ndi ma core (zigawo za purosesa zogwira ntchito pazokha) anayi, lililonse pa 2.4 GHz, choncho imapirira mukatsegula mapulogalamu ambiri nthawi imodzi kapena mukamakonza mavidiyo a ukwati. Vuto lake ndi moto: imadya mawati 95, ndipo zoyambirira kupangidwa zimafika 105.

E8400 ndi ya 2008, ma core awiri okha koma pa 3.0 GHz, mawati 65. Pa Word, Excel ndi kusindikiza, imathamanga kuposa inzakeyo. Kwa ife akunyanja kuno, kusiyana kwa mawati 30 si nkhani yaing'ono. M'mwezi wa Okutobala chipinda cha malata chimasanduka ng'anjo, fani yodzaza fumbi imalephera, purosesa n'kuyamba kudzichepetsa liwiro yokha kuti isapse. Ndiponso ngati mumadalira sola ndi batire magetsi akazima, E8400 imakupatsani nthawi yotalikirapo. Ine ndingasankhe imeneyi mosakayika, pokhapokha ntchito yanu ikhale ya mavidiyo.

Musanagule, onani kaye bolodi lanu lalikulu la m'kati mwa kompyuta, pomwe pamakhala purosesa. E8400 imafuna FSB (njira yolumikiza purosesa ndi bolodi) ya liwiro la 1333 MHz ndipo mabolodi ena amafuna BIOS (pulogalamu ya m'bolodi yoyatsira kompyuta) yatsopano kuti ayizindikire, pomwe Q6600 imakhutira ndi 1066 MHz. Poyika, pukutani thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa) yakale n'kupakapo yatsopano.