WhatsApp, Google Drive kapena PDF ya pasiwedi, zikalata tizitumizira pati?

Ambirife tikafuna kutumiza chikalata timangothamangira pa WhatsApp ndipo chifukwa chake nchomveka, bandulo ya WhatsApp ya Airtel kaya TNM ndiyotchipa komanso fayilo imadutsa ngakhale netiweki ikuchita zake zija. Kuyambira 2022 WhatsApp imalola fayilo mpaka 2GB pomwe pa Gmail ikangopitirira 25MB basi sitheka kuimata pa imelo. Panjira palibenso nkhawa, kuyambira 2016 mauthenga amabisidwa moti ngakhale eni ake a WhatsApp sangawerenge. Vuto lili pofika. Fayilo ikalowa mufoni ya munthu ndiye kuti ndi yake, akhoza kuifowada ku gurupu ya mpingo mwangozi inu osadziwa, ndipo View once ija, yoti chotumizidwacho chitseguke kamodzi kokha, sigwira pa PDF, imagwira pa zithunzi, mavidiyo ndi mauthenga a mawu basi. Pa nkhani yokonzerana ndiye chisokonezo chenicheni, wina akulemba kuti "peji 4 ndime yachiwiri mukonze", wina watumiza yakeyake, mapeto ake mufoni muli lipoti final, lipoti final 2, lipoti final yeniyeni, palibe akudziwa yolondola.

Apa mpomwe Google Drive imaposa. Simutumiza fayilo, mumatumiza linki, chikalata chimatsala kwanu. Mumasankha kuti uyu akhale Viewer wongowerenga, uyu Commenter, uyu Editor. Ine Commenter ndi imene imandisangalatsa, a supavaiza kaya a tcheya amaunika chiganizo chomwe chawavuta nkulemba ndemanga pambali pomwepo koma sangafufute ntchito yanu, ndipo ngati ndi Google Docs mutha kubwerera nkuona mmene chikalata chinalili dzana ndi amene anasintha. Muthanso kutseka kuti owerengawo asadawunilode kapena kupirinta, ndiye munthu akachoka mu komiti mumangomuchotsa, linki yake yafa. Malo aulere ndi 15GB koma mukugawana ndi Gmail ndi Google Photos, ndiye amadzadza msanga. OneDrive imapereka 5GB, Dropbox 2GB, kagwiridwe kake nkofananako.

Zoipa zake zilipo. Linki ya Drive sitseguka ndi bandulo ya WhatsApp, ndiye mnzanu wakumudzi angokuyankhani kuti sikutseguka achimwene. Chachiwiri anthu akatopa ndi zopempha chilolezo amangodina Anyone with the link, kumeneko nkusiya chitseko chapululu, aliyense amene linkiyo yamupeza alowa. Komanso makiyi obisira mafayilowo amasunga ndi a Google osati inu, ndipo sikirinishoti palibe angailetse.

PDF ya pasiwedi ndi nkhani ina. PDF anaiyambitsa a Adobe mu 1993 kuti chikalata chizioneka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse, ndipo Acrobat Reader yaulere ija imalola kuunika mawu, kuika ndemanga ndi kusaina. Pasiwedi mutha kuika ndi pulogalamu ya LibreOffice mwaulere pomwe mukusandutsa chikalata kukhala PDF. Koma chenjerani, mapasiwedi ake ndi awiri, yotsegulira ndi imene imatsekadi chikalata, ina ija yoletsa kupirinta kapena kukopera ndi yofooka, mapulogalamu ambiri saimvera nkomwe. Masayiti omwe amatsekera PDF mwaulere amafuna muyambe mwakweza chikalatacho kwa iwo, ndiye kope la chiphaso cha unzika kapena sitetimenti ya ku banki musakwezeko kumeneko.

Kwa ine zapasiwedizi zimayenera chikalata chomwe chatha kale ndipo chikupita kwa munthu mmodzi, monga kontirakiti, mutha kuidutsitsa pa WhatsApp pomwepo bola pasiwediyo mumuuze pomuimbira foni. Kulemba pasiwedi pansi pa fayilo mu tchati imodzimodzi nkungodzivutitsa, amene watola foniyo apeza zonse ziwiri.